Werengani za m'sutikesi musanapite pa kaunjika

Soya anali atagulitsidwa, ndalama zili chimangire pa nsonga ya chitenje, ndipo mnyamata wa kabaza anali atauzidwa kale kuti afike dzuwa lisanakwere. Unali mwezi wa Meyi, mphepo ya m'mawa itayamba kuluma m'makutu. Azakhali anga amakhala m'mudzi wina kum'mawa kwa phiri la Bunda, kumene munthu akafuna msika amachita kusankha pakati pa Mitundu ndi Nathenje. Tsiku limenelo anali ndi ulendo wa pa Mitundu, kukagulira banja lonse zovala za chaka. Analowa kuchipinda kukatenga mpango wa kumutu, nachedwa komweko. Potuluka, m'manja mwawo munali kajuzi kofiira ka mwana, kamene anakapeza pansi penipeni pa sutikesi.

"Mwanawe, taona," anatero akukatambasula. "Kameneka ndinagula chaka chatha, nthawi ngati yomwe ino. Ndinakabisa kuti kadikire Juni. Juni anabwera n'kupita, mwana akunjenjemera, ine n'kumadandaula kuti ndilibe ya juzi."

Anaitana mdzukulu wawo n'kumuyesa. Mikono inalekeza m'zigongono. Kumsana njenjete zinali zitaboola malo atatu. Ndalama imene inagula juziyo inatuluka m'munda ndi thukuta, koma mwana sanafundepo ngakhale tsiku limodzi.

Wa kabaza atafika anauzidwa kuti abwerenso pa tsiku lina la msika. Azakhali anayala mphasa ziwiri pansi pa mtengo wa mango, natuma ana kuti atulutse sutikesi, chishangani, katoni ya kuseri kwa bedi, ndi zonse zopachika pa chingwe cha m'chipinda. "Tisanakagule, tiyambe taona chimene tili nacho," anatero. Ine anandipatsa kope lotsala la mwana wasukulu ndi bolopeni, kuti ndikhale mlembi.

Nkhokwe timaidziwa, sutikesi ayi

Funsani mlimi aliyense wa kwa Chadza, kwa Chiseka kapena kwa Kalumbu kuti chimanga chake chatsala chochuluka bwanji. Akuuzani matumba ake osaphonya, n'kuwonjezera mwezi umene chidzathe. Mbuzi amadziwa chiwerengero chake, nkhuku za mazira amazidziwa, ngongole ya ku banki mkhonde amaidziwa mpaka kakwacha komaliza. Tsono mufunseni kuti mwana wake wachiwiri ali ndi makabudula angati omukwana. Ambiri aife timayamba kuyang'ana kumwamba.

Chifukwa chake n'chosavuta kuchiona. Chimanga chimalowa pakhomo kamodzi pachaka, pa ngolo, aliyense akuona. Zovala zimalowa chimodzichimodzi: ichi chagulidwa pa tsiku la msika, icho watumiza mlamu wa ku Joni, china chapatsidwa pa msonkhano wa chipani, china chasiyidwa ndi mlendo. Nyumba zambiri za kumudzi zilibe wadiropu yoti munthu atsegule n'kuona zonse pamodzi. Zovala zimakhala mu sutikesi, chimodzi pamwamba pa chinzake, ndipo dzanja limangofika pa zapamwamba zomwezo. Zapansi zimaiwalika mpaka tsiku limene njenjete, chuku kapena makoswe adzatikumbutse.

Pali maganizo akuti kuwerenga zovala ndi nkhani ya anthu a m'tauni amene ali ndi zambiri zosowa pozisunga. Ine ndikuona kuti amene akufunika kwambiri kuwerenga ndi iye amene ndalama yake imabwera kamodzi pachaka. Wa malipiro a pamwezi akagula cholakwika, adzakonza mwezi wa mawa. Mlimi wa soya, mtedza kapena fodya akagula cholakwika mu Meyi, adzadikira Meyi wina.

Mulu umene umasankhira munthu

Dzina lakuti kaunjika likuchokera ku mawu oti kuunjika, ndipo aliyense amene anafikapo pa Mitundu kapena pa Nathenje tsiku la msika amadziwa chifukwa chake. Wogulitsa amayala lona kapena masaka pansi, n'kudula zingwe za belo, zovala n'kufufuma ngati thobwa lowira. Amayi amazinga muluwo, manja ali m'kati, wina kukoka mkono wa malaya pamene mnzake wagwira kolala. Mnyamata amaima pakati akukuwa mtengo, akuponya zovala m'mwamba kuti zapansi zibwere pamwamba. Zoyamba kusankhidwa belo likangotsegulidwa zimakhala zodula. Dzuwa likamapendeka mtengo umatsika, ndipo zotsalira zimapita pa mtengo wongoti katundu apepuke pobwerera.

Mabelo amenewa, ambiri olemera makilogalamu 45, ayenda ulendo wautali. Amachokera ku Ulaya, ku America ndi ku China, n'kutsikira pa madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam, kenaka pa malole mpaka m'masitolo a pikulitsa mu mzinda wa Lilongwe, kumene mavenda amakaoda. Bungwe la DAPP, limene linayamba ntchito zake m'dziko muno mu 1995, nalonso limadziwika ndi malonda a zovala ndi nsapato za kaunjika. Anzathu a ku Zambia amati salaula, kutanthauza kusankha pa mulu. A ku Kenya ndi Tanzania amati mitumba. Malonda ake ndi amodzi, ndipo avala anthu ochuluka zedi amene sakanakwanitsa zovala za m'sitolo.

Kaunjika anathetsa usiwa m'midzi yambiri, ndipo palibe chifukwa chomunyozera. Koma ali ndi khalidwe limodzi loyenera kulidziwa: pa mulu sipapezeka chimene wabwerera, pamapezeka chimene belo labweretsa. Ukapita wopanda cholinga, mulu ndiwo umakusankhira. Wapita kukafuna nsapato za mwana, wakumana ndi bulauzi yokongola yotsika mtengo, watenga. Patsogolo pang'ono waona jekete lokwana bambo, watenga. Pofika pa nsapato paja, nsonga ya chitenje yapepuka. Akuluakulu anati ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Kale kulakwitsa kotere kunali kopiririka chifukwa kaunjika anali wotsika mtengo. Lero zinthu zinasintha. Belo limagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho kwacha ikagwa, mtengo wa malaya pa Nathenje umadzuka. Mu Meyi 2022 mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Pofika Febuluwale 2025, mavenda a kaunjika mu Lilongwe anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo kukadandaula kuti mtengo wa belo wakwera mosapiririka. M'masiku omwewo mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, anasintha nduna ya zamalonda, kuika Vitumbiko Mumba m'malo mwa Sosten Gwengwe. Nkhani ya belo ikafika pogwedeza mpando wa nduna, ndiye kuti pa mphasa ya kumudzi yafika kale. Mayi amene kale ankabwerera ndi jumbo yodzaza, lero ndalama yomweyo imamupatsa zovala zowerengeka. Zowerengekazo ziyenera kukhala zofunikadi.

Milu inayi pa mphasa

Ntchito ya pansi pa mango ija inatenga m'mawa wonse. Azakhali anayamba ndi munthu mmodzimmodzi, ndipo aliyense anapatsidwa tsamba lake m'kope: iwo eni, amuna awo, mwana wawo wamkazi wa ku sekondale, ndi adzukulu awiri amene akuwalera. Chovala chilichonse chinkanyamulidwa, kutambasulidwa padzuwa, ndipo ngati chili cha mwana, mwanayo ankachiyesa pomwepo. Diso limanama pa msinkhu wa mwana, makamaka diso la amene amamuona tsiku ndi tsiku.

Zovala zinagawidwa milu inayi. Woyamba unali wa zabwino, zokwana, zovalidwa. Wachiwiri unali wa zodwala: zipi yofa, batani lothothoka, msoko wophwasuka m'khwapa, lasitiki yotha mphamvu. Wachitatu unali wa zabwino koma zosakwana mwini wake, kaya zachepa kaya zinagulidwa zazikulu. Wachinayi unali wa zotheratu, zimene ngakhale telala angapukuse mutu.

Pa tsamba lililonse sitinalembe mayina a zovala okha. Azakhali anati tizilemba monga mwa ntchito yake, chifukwa munthu wa kumudzi savala mwachisawawa. Pali za kumunda ndi kudimba, zimene zimafuna kulimba. Pali za pakhomo. Pali za kutchalitchi, za kusukulu, za paulendo monga kuchipatala kapena ku tauni, za kumaliro, ndi za mphepo. Titalemba chonchi, mipata inayamba kuonekera yokha, ngati mapando a chimanga chosamera.

Amuna awo anapezeka ndi malaya a manja aatali asanu ndi awiri, onse abwino, ndi majekete awiri. Buluku labwino linali limodzi lokha, lomwelo la kutchalitchi, lomwelo la kumaliro, lomwelo la ku msonkhano wa kwa amfumu. Chaka ndi chaka azakhali ankawagulira malaya, chifukwa malaya ndiwo amaoneka bwino pa mulu ndipo savuta kuyerekeza saizi. Bambowo anaseka chapansipansi n'kunena kuti, "Mayi, ine ndimangoyamika, koma miyendo inali kudandaula."

Mdzukulu wamwamuna anali ndi matisheti ambiri, kabudula wa sukulu mmodzi wong'ambika kumbuyo, ndipo analibe chofunda cha mphepo ngakhale chimodzi. Mlongo wake anali ndi madiresi anayi omuchepa ali bwinobwino. Mtsikana wa ku sekondale anali ndi masiketi awiri a yunifolomu, imodzi yongofuna zipi, koma iye anali atapempha kale ndalama ya siketi yatsopano. Mulu wa zodwala unakula kuposa mmene aliyense ankaganizira. Zambiri mwa zovala zimene banja linkati lilibe, linali nazo, kungoti zinkadikira singano.

Nsalu zimene zili ndi mbiri

Titafika pa zitenje, ntchito inayenda pang'onopang'ono, chifukwa chitenje chilichonse chinali ndi nkhani. Zinakwana 23. Azakhali anadabwa okha, popeza sabata yomweyo anali atauza mnzawo kuti alibe chitenje chopitira ku chinkhoswe.

Titazisanthula tinamvetsa chifukwa chake. Zina zinali za zipani, zolandira pa misonkhano ya kampeni zaka zosiyanasiyana, zimene munthu sangavale pa mwambo uliwonse. Zina zinali za mpingo, za misonkhano ndi zikondwerero, zoyenda ndi bulauzi yoyera ndi duku loyera la amayi a Chigwirizano. Zina zinali za mabungwe, zolembedwa mauthenga a katemera ndi kadyedwe koyenera. Zina zinali za maukwati, zija akomiti amasankha kuti achibale onse avale zofanana, zovalidwa tsiku limodzi n'kupindidwa. Zotsalazo zinali zoberekera ana ndi za kumunda, zofwifwa ndi dzuwa. Chitenje chopanda chizindikiro cha chipani, mpingo kapena bungwe, chooneka bwino, choti n'kupita nacho paliponse, chinali chimodzi.

Apa mpamene kope linaonetsa phindu lake. Popanda kuwerenga, azakhali akanagula chitenje china chilichonse chowakomera m'maso. Atawerenga anaona kuti zitenje zitatu za maukwati, za mamita awiri chilichonse ndipo zikadali zatsopano, zikhoza kupita kwa telala n'kutuluka diresi ya mdzukulu, malaya a mnyamata ndi siketi yawo. Nsalu inalipo kale, yotsala inali ndalama ya msoko.

Pansi pa zonse panali nsalu ziwiri zimene sizinalowe mu mulu uliwonse. Ina inali biriwita ya malemu amayi awo, yakuda, yofewa ndi ukalamba. Ina inali chitenje cha Whitex chimene analandira pa ukwati wawo, cha masiku amene fakitale ya David Whitehead and Sons ku Blantyre inkaveka dziko lonse ndi nsalu ya thonje lolimidwa konkuno. Fakitaleyo inagulitsidwa mu 2003 kwa kampani ya Mapeto, nsalu zotchipa zakunja ndi kaunjika zitalanda kale msika. Mtsikana wa ku sekondale, amene pa tsamba lake panali majinzi awiri, anamvetsera mwachidwi amayi ake akumufotokozera kuti iwo ali mtsikana, mkazi sankaloledwa kuvala buluku. Lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi mabuluku ndi masiketi aafupi, ndipo linathetsedwa mu 1993. Sutikesi imodzi inasunga mibadwo itatu. Nsalu ziwirizo tinazilemba pa tsamba lapadera, azakhali nati, "Izi sizovala, izi ndi anthu anga." Kuwerenga kumathandizanso pamenepa: umadziwa chimene ukusunga dala, n'kuchisamala, kuti njenjete zisachipeze.

Chaka cha mlimi, chaka cha zovala

Mndandanda wa zosowa utatuluka, panatsala funso la nthawi. Kuno ku chigawo chapakati zovala zili ndi nyengo zake monga mbewu. Juni ndi Julayi kumazizira kwambiri, makamaka m'mawa pamene ana akupita kusukulu ndi usiku pa maliro. Sepitembala sukulu zimatsegulira chaka chatsopano, ndipo yunifolomu, nsapato ndi masokosi zimafunika nthawi imodzi ndi makope. Okutobala kumatentha, ndipo ndi nthawi ya maukwati ndi ziliza, nsalu za mwambo zikufunidwa uku ndi uku. Novembala ndi Disembala mvula imagwa, munthu amafuna jombo ndi zovala zolimba za kumunda, kwinaku ana akuyembekezera chovala cha Khirisimasi. Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene ndalama iliyonse imapita ku chakudya, ndipo za zovala sizitchulidwa.

Ndalama nazo zili ndi nyengo zake. Msika wa fodya ku Kanengo umatsegulidwa cha mu Epulo. Soya ndi mtedza zimagulitsidwa kuyambira nthawi yomweyo mpaka m'miyezi yozizira. Magulu ambiri a banki mkhonde amagawana masheya kumapeto kwa chaka, pamene feteleza nayenso akufuna gawo lake. Mavenda amaidziwa kalendala imeneyi kuposa wina aliyense. Amadziwa mwezi umene alimi ali ndi ndalama m'thumba, ndipo amadziwa kuti juzi mu Juni safuna kunyengerera wogula.

Mayi amene ali ndi kope akhoza kuyenda patsogolo pa nyengo. Juzi amaifunafuna kukutentha, pamene wogulitsa akufuna kungoichotsa. Jombo amazigula mvula isanagwe. Nsalu ya yunifolomu amapereka kwa telala mu Julayi, m'malo mokapanikizana ndi anzake sabata yotsegulira sukulu, pamene makina a pakhonde la sitolo amalira mpaka mdima. Koma kugula mosadikira nyengo kuli ndi msampha wake, womwe uja wa kajuzi kofiira. Chogulidwa msanga chiyenera kulembedwa, pamodzi ndi malo amene chasungidwa ndi mwezi wochitulutsa, ndipo cha mwana chigulidwe chokulirapo, poganizira msinkhu umene adzakhale atafika.

Azakhali anagawa mndandanda wawo patatu. Zofunika lero zinali majuzi awiri a adzukulu, buluku la bambo ndi nsapato za mnyamata. Zodikira Ogasiti zinali masokosi ndi malaya a sukulu. Zodikira ndalama ya banki mkhonde zinali jombo ndi chitenje chawo chopitira ku chinkhoswe chija. Chimene anachifuna okha anachiika kumapeto, monga amachitira amayi ambiri, koma ulendo uno chinalembedwa, ndipo cholembedwa sichiiwalika msanga.

Pa Mitundu ndi pepala m'manja

Tsiku la msika litakwana ndinawaperekeza. Msewu wochokera ku tauni kudutsa ku Bunda unali utadzaza njinga, ngolo ndi maminibasi kuyambira m'bandakucha. Msika wa Mitundu umasonkhanitsa anthu a mitundu yonse ya ntchito: alimi a m'midzi yozungulira, ophunzira a pa yunivesite ya LUANAR, ogwira ntchito pachipatala, ogula mbewu ochokera ku tauni. Onsewa amakumana pa mulu umodzi wa kaunjika, ndipo amene amapambana ndi amene akudziwa chimene akufuna.

Azakhali anatenga zida zitatu. Choyamba chinali pepala long'ambidwa m'kope. Chachiwiri chinali zingwe za chisaka, chilichonse chomangidwa mfundo: china cha chiuno cha bambo ndi kutalika kwa mwendo wawo, zina za mapewa ndi mikono ya ana. Chachitatu chinali kamtengo kodulidwa molingana ndi phazi la mnyamata, kowonjezera chala chimodzi. Zovala za kaunjika zimachokera m'mayiko osiyanasiyana, ndipo nambala yolembedwa pa kolala ku China siifanana ndi ya ku America. Ena amayeza buluku pozunguliza chiuno chake pakhosi, ndipo njirayi imathandiza ukamagulira thupi lako lomwe. Ukamagulira munthu amene watsala kumudzi, chingwe ndicho mboni.

Tisanagule kanthu tinazungulira msika wonse kamodzi, kuona amene watsegula belo la ana ndi amene ali ndi mabuluku. Pa mulu wa majuzi azakhali anagwada n'kuyamba kusanthula mosafulumira. Juzi iliyonse ankaitembenuza kunja kukhala m'kati, kuyang'ana m'khwapa, m'zigongono ndi m'khosi, kenaka kuikweza padzuwa kuti tizibowo tionekere. Pa buluku anayesa zipi katatu, napisa manja m'matumba, nayang'ana pakati pa miyendo pamene nsalu imayamba kutha. Pa nsapato anapinda soli kuti aone ngati ili ndi ming'alu. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mnyamata wogulitsa anawaonetsa bulauzi ya maluwa, yokongoladi. "Amayi, iyi ndi yanu iyi, yangotuluka m'belo. Ndikuchotserani."

Azakhali anaigwira, naisisita, nayang'ana pepala lawo. "Ndi yabwino, mwanangu, koma lero sinalembedwe. Ndipatse juzi ya mwana wa zaka zisanu ndi zitatu, tikambirane mtengo wa ziwiri."

Wogulitsayo sanakhumudwe. Anapisa dzanja m'thumba limene linali pambali n'kutulutsa majuzi amene anali asanawathire pa mulu. Wogula wodziwa chimene akufuna sataya nthawi ya wogulitsa, ndipo amene akutenga ziwiri amakhala ndi pakamwa ponenerera. Pobwerera, zonse za m'gawo loyamba zinali m'jumbo, ndipo pa nsonga ya chitenje panatsala ndalama. Yotsalayo inapita kwa telala wa pakhonde, pamodzi ndi mulu wa zodwala ndi zitenje zitatu zija. Kunyumba zogulazo zinachapidwa kuti fungo la belo lichoke, zinayanikidwa pa chingwe padzuwa, n'kusitidwa ndi nsimbi ya makala zisanavalidwe.

Kumene chovala chimathera

Mayiko amene amatitumizira mabelo ali ndi vuto lawo: amagula zovala zambiri kuposa zimene angavale, n'kuzitaya zikadali zabwino. Zina zimatipeza ife, koma zina zimakhala zinyalala chifikire. Ku Accra, m'dziko la Ghana, zotsalira za pa msika waukulu wa Kantamanto zimadzaza ngalande ndi magombe a nyanja. Ku Chile, milu ya zovala zotayidwa yaunjikana m'chipululu cha Atacama. Mu 2016 mayiko a kum'mawa kwa Africa anagwirizana zochepetsa kaunjika kuti mafakitale awo a nsalu adzuke. Dziko la Rwanda linakweza msonkho n'kukana kubwerera m'mbuyo, ndipo mu 2018 dziko la America linaliimitsira mwayi wogulitsa zovala kumeneko popanda msonkho pansi pa pangano la AGOA. Nkhani ya malaya akale imafika mpaka pa matebulo a atsogoleri a mayiko.

Mayi wa ku Nathenje sangasinthe mtengo wa dola kapena zimene zimalowa m'belo. Chimene chili m'manja mwake ndi khomo lake, ndipo pa nkhani yosataya chovala, mudzi uli ndi nzeru zimene a kunjawo akuzifunafuna lero. Mulu wachitatu, wa zabwino zosakwana, unayenda tsiku lomwe lija tinayala mphasa. Madiresi anayi aja anapita kwa mwana wa mlamu wawo, ndipo malaya atatu a bambo anapita kwa mphwawo amene amakhala m'dimba tsiku lonse. Mwana wa mnzako ndi wako yemwe, koma kumupatsa diresi n'kofunika likadamukwana. Chovala chosungidwa zaka ziwiri m'sutikesi chimadumpha mwana amene chikanamuthandiza.

Ngakhale mulu wachinayi sunapite kudzala. Mabatani ndi mazipi abwino anachotsedwa n'kusungidwa m'kachitini. Nsalu zolimba zinadulidwa zigamba. Zofewa zinakhala nkhata zosenzera ndowa, zogwirira mphika pamoto ndi zokolopera. M'dera lino la Achewa, kumene gule wamkulu amatuluka pa maliro ndi pa ziliza, nsanza nazo zili ndi kopita. Chovala chimene chinasokedwa kutsidya la nyanja chimagwira ntchito kuno mpaka ulusi womaliza.

Telala naye amapindula. Banja likawerenga zovala zake, ntchito yoyamba imene imatuluka ndi ya singano, ndipo ndalama ya msoko imatsala pa Mitundu pomwepo kapena pa Nathenje, m'manja mwa munthu amene adzagule tomato ndi nkhuni kwa anansi ake. Ndalama ya belo yambiri imawoloka malire.

Tsamba lotsatira

Ndinabwereranso kumudziko mu Julayi, kukuzizira kwenikweni. M'mawa adzukulu awiri aja anatuluka m'nyumba atavala majuzi awo, mnyamata ali ndi kabudula wa chigamba chosokedwa bwino ndi nsapato zomukwana. Mtsikana wa ku sekondale anali atanyamuka kale ndi siketi yake ya zipi yatsopano. Kajuzi kofiira kaja ndinakaona pa mwana wa khomo loyandikana, mabowo atatu atatsekedwa ndi ulusi wakuda, iye akuthamangitsa nkhuku pabwalo.

Kope lija tsopano limakhala m'jumbo imodzi ndi buku la banki mkhonde ndi makadi a kusikelo. Amayi awiri a gulu lawo anali atabwera kale kudzaona mmene masamba ake analembedwera. Azakhali anandionetsa tsamba latsopano limene analemba okha, pamwamba pali mawu akuti Sepitembala. Anakonza zoti mphasa ziziyalidwa kawiri pachaka: akagulitsa mbewu, ndiponso mvula isanagwe, pamene zovala zonse zimafunika kuonetsedwa dzuwa chuku chisanalowe.

Ndinawafunsa ngati saona kuti ntchitoyi ndi yotopetsa. Anapinda kope, naliika m'jumbo mwake.

"Mwanawe, ine usiwa ndinaudziwa. Tinkachapa diresi kumtsinje n'kukhala pa thanthwe kudikira kuti liume, chifukwa linali lomwelo. Nthawi imeneyo kunalibe chowerenga. Lero Mulungu watipatsa zoti n'kuwerenga, ndiye ndizitope nazo?"

Anadzuka kukasonkhezera moto. Pa chingwe panja panali buluku latsopano la bambo, likuuma, ndipo lakale lija linali litapeza tsiku lopuma.